Wolira nyumba yakale ya ku Venice walira makwerero ake

Munthu akatsika sitima pa siteshoni ya Santa Lucia mumzinda wa Venice ku Italy, atawoloka mlatho wa makilomita pafupifupi anayi umene umalumikiza mzindawu ndi kumtunda, amazindikira msanga kuti ulendo wa pamatayala wathera pomwepo. Kutsogolo kwake kuli madzi a ngalande yaikulu yotchedwa Canal Grande, ndipo kuti akafike kumene akagone ayenera kukwera boti, kapena kunyamula chikwama chake n'kuyamba kukwera ndi kutsika timilatho ta makwerero, timene mumzinda wonsewu tilipo toposa 400. Ine ndinagona masiku anayi m'hotela yaing'ono ya m'dera la Cannaregio, m'nyumba ya njerwa imene yaima pamenepo kwa zaka mazana angapo. Munalibe chikepe chokwezera anthu kupita pansanjika zapamwamba, chipinda changa chinali pansanjika yachitatu, ndipo pansi pake panali popendekera pang'ono, moti munthu ukamayenda kuchokera pakhomo kupita pazenera unkamva kuti ukutsetsereka. M'mawa wina ndinapeza mlendo mnzanga akudandaula kwa mayi wa pamalo olandirira alendo kuti pa ndalama zimene walipira sanayenere kukwera makwerero, kumva mabelu a tchalitchi mbandakucha, kapena kusamba m'bafa lopanikiza chotero. Mayiyo anamumvetsera mpaka anamaliza, kenaka anamuuza modekha kuti nyumbayo sangaigumule.

Ndakhala ndikuganizira yankho limenelo, ndipo ndikuona kuti mayiyo ananena zoona. Kugona m'hotela yakale pakati pa mzinda ngati Venice ndi chisankho chabwino, choposa kuchita lendi ya masiku ochepa m'nyumba imene munkakhala banja, komanso choposa kufika m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Koma ubwino wake umaoneka pokhapokha mlendo akavomereza kuti woyenera kusintha ndi iyeyo, chifukwa nyumbayo ikasinthidwa kuti imukomere m'zonse, chimene anadzera sichidzakhalaponso. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo kuno matopewo ndi enieni.

Kuti timvetse chifukwa chake mayi uja sangaike chikepe, tiyenera kuyamba ndi zimene zili pansi pa nyumbayo. Venice anamangidwa pa tizilumba toposa 100 ta m'dambo la madzi a mchere, pamalo pamene palibe thanthwe loti munthu n'kuikapo maziko. Amisiri akale ankakhomera mitengo yambirimbiri m'matope mothithikana, kuti dothi lofewalo lilimbe, n'kuyala matabwa pamwamba pake. Mitengo imeneyi siiwola msanga chifukwa ili m'matope mmene mulibe mpweya. Pamwamba pa matabwawo, pamene madzi amamenya khoma tsiku ndi tsiku, ankaikapo mwala woyera wochokera ku Istria, tsidya lina la nyanja ya Adriatic, umene sumwa madzi, ndipo njerwa zinkayambira pamwamba pa mwalawo. Nyumba yomangidwa chotere imayenda pang'onopang'ono pamodzi ndi dothi lake, n'chifukwa chake ankaipepukitsa: makoma opyapyala, mitanda ya matabwa, ndi pansi pa laimu wosakaniza ndi tizidutswa ta miyala ya nsangalabwi, pamene pamatha kupindika pang'ono osang'aluka. Kupendekera kumene ndinamva m'chipinda changa ndi umboni wakuti njira imeneyi yagwira ntchito. Munthu akabweretsa konkire yolemera ndi zitsulo zouma m'nyumba yotereyi, kapena akaboola mitanda kuti chikepe chidutse, amasokoneza mmene kulemera kwa nyumbayo kwakhala kukugawidwira kuyambira kalekale.

Palinso lamulo. Ku Italy nyumba imene yalembedwa m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe imatetezedwa ndi lamulo la m'chaka cha 2004 loona za zinthu zakale ndi maonekedwe a malo, ndipo mwini wake sangagwetse khoma, kukulitsa zenera kapena kusintha makwerero popanda chilolezo cha ofesi ya boma yotchedwa Soprintendenza. Choncho bafa likakhala lopanikiza, nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti linalowetsedwa m'kangodya ka chipinda chimene chinamangidwa kusanabwere mipope, ndipo amisiri analoledwa kugwiritsa ntchito mpata umene unalipo basi. Sindikunena kuti hotela iliyonse yosasamalika ili ndi chodzikhululukira. Nsalu zakuda, madzi ozizira ndi mwano wa antchito sizichokera ku ukalamba wa nyumba, ndipo mlendo ali ndi ufulu wodandaula nazo. Koma pali kusiyana pakati pa ulesi wa eni hotela ndi mmene nyumbayo inabadwira, ndipo madandaulo ambiri amene alendo amalemba pa intaneti amasakaniza ziwirizi.

Mdani wamkulu wa nyumbazi ndi mchere. Madzi akakwera kupitirira mwala wa ku Istria uja n'kufika pa njerwa, njerwazo zimawamwa, ndipo akauma mcherewo umatsala mkati n'kumazifumbula pang'onopang'ono. Aliyense woyenda m'tinjira ta mumzindawu amaona makoma amene pulasitala yake yayoyoka kuyambira pansi mpaka kupitirira mutu wa munthu. Kukonza zimenezi sikutha, ndipo njerwa iliyonse, thumba lililonse la laimu ndi mtanda uliwonse zimabwera pa boti n'kunyamulidwa pamanja. Apa ndi pamene pagona chifukwa chachikulu chimene ndikukondera hotela yakale: nyumba zikuluzikulu za m'mbali mwa ngalande zimadya ndalama zimene banja limodzi silingakwanitse. Zinamangidwa ndi mabanja a amalonda olemera a boma la Venice, lomwe linagwa m'chaka cha 1797 pamene Napoleon anafika, ndipo chuma cha mabanjawo chitazilala nyumba zambiri zinayamba kugwa mphwayi. Ina mwa izo inali nyumba ya banja la Dandolo pa Riva degli Schiavoni, yomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. M'chaka cha 1822 Giuseppe Dal Niel, amene anthu ankamutchula kuti Danieli, anayamba kulandiriramo alendo, ndipo dzina lakelo ndi limene hotelayo ikudziwika nalo mpaka lero. Zaka zoposa 200 za ndalama za alendo ndizo zasunga denga ndi makwerero a nyumba imeneyo.

Chimodzimodzinso ndi Ca' Sagredo, ku Cannaregio komweko, kumene mlendo pokwera kupita kuchipinda chake amadutsa pansi pa chithunzi chachikulu chimene Pietro Longhi anajambula pakhoma m'chaka cha 1734, kapena Palazzo Papadopoli, imene inatsegulidwa ngati hotela mu 2013 ndipo ili ndi zojambula za Tiepolo kudenga. Zithunzi zojambulidwa pa pulasitala sizingachotsedwe n'kukasungidwa kwina popanda kuzipweteka. Zimakhala ndi moyo ngati denga silikudontha ndiponso ngati m'nyengo yozizira m'chipindamo muli kutentha koyenera, ndipo wina ayenera kulipira zimenezo chaka ndi chaka. Boma silingasandutse nyumba iliyonse yotere kukhala yosungiramo zinthu zakale, pakuti ndi zambiri zedi. Kunena zoona, mahotela atatu ndatchulawa ndi a anthu a matumba akuya, ndipo ambiri a ife tingangolowamo kukamwa khofi. Koma mfundo yake ndi yomweyo ngakhale pa kahotela ka zipinda khumi ndi ziwiri koyendetsedwa ndi banja.

Tsopano ndiyenera kuyang'anizana ndi chitsutso chimene sindingachipeputse, chifukwa anthu a mumzindawu amachinena mokwiya ndipo ali ndi zifukwa. M'chaka cha 1951 pakati pa mzinda wa Venice pankakhala anthu pafupifupi 175,000. Mu Ogasiti 2022 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 50,000. Pazenera la sitolo ina ya mankhwala pa Campo San Bartolomeo, pafupi ndi mlatho wa Rialto, pali kachikwangwani ka magetsi kosonyeza chiwerengero cha anthu otsala, ndipo eni mzinda amakayang'ana monga mmene munthu amayang'anira wodwala amene akuwonda. Mu 2023 gulu la nzika loona za nyumba linalengeza kuti mabedi a alendo achuluka kuposa anthu okhala mumzindamo. Kodi pamenepa munthu wa chikumbumtima angalimbikitse bwanji anzake kukagona m'bedi limodzi mwa amenewo?

Yankho langa loyamba n'lakuti si alendo okha amene anathamangitsa anthu. Ambiri anachoka m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 chifukwa ankakhala m'zipinda zapansi zachinyezi, ntchito zinali m'mafakitale a ku Marghera, ndipo ku Mestre, kumtunda, kunali nyumba zatsopano zokhala ndi bafa, chikepe ndi poimika galimoto. Chigumula cha pa 4 Novembala 1966, pamene madzi anakwera masentimita 194, chinathetsa mtima wa ena amene ankazengereza. Koma m'zaka zaposachedwa n'zoona kuti kusowa kwa nyumba za lendi ndiko kukukankha achinyamata, ndipo apa ndi pamene tiyenera kusiyanitsa mabedi. Bedi la m'hotela imene yakhala hotela kuyambira nthawi ya agogo athu silinachotse aliyense chaka chino kapena chatha. Bedi la m'nyumba ya zipinda ziwiri imene mwini wake anatulutsamo mphunzitsi kapena namwino, poona kuti alendo a masiku atatu amalipira zambiri kuposa wa lendi ya pamwezi, linatenga malo a munthu weniweni amene tsopano akukwera basi kuchokera ku Mestre m'mawa uliwonse. Nyumba zoterezi zimadziwika ndi timabokosi ta makiyi tokhomedwa pafupi ndi zitseko, timene mzinda wa Florence unafika potiletsa mu 2025. Mlendo wa kabokosi sakumana ndi munthu, pamene hotela imalemba ntchito olandira alendo, ophika, ochapa ndi onyamula katundu, ndipo ili ndi munthu wodziwika amene aneba angamudandaulire phokoso likachuluka.

Yankho lachiwiri n'lakuti mahotela nawonso sali oyera, ndipo sindifuna kuwayeretsa. Nyumba za maofesi ndi za mabanja zakhala zikugulidwa n'kusandutsidwa mahotela atsopano, mpaka mu 2017 khonsolo ya mzinda inakhazikitsa lamulo lakuti kusintha kotere pakati pa mzinda kusamachitike popanda khonsoloyo kuvomereza. Lamulo limeneli ndi loyenera, ndipo ndikadakonda likanakhwima kuposa pamenepa. Chimene ndikuteteza ine si hotela iliyonse yokhala m'nyumba yakale. Ndikuteteza hotela imene ukale wake ndi wa nyumba ndi wa ntchito yomwe, kapena imene inapulumutsa nyumba yaikulu yosatheka kukhalamo banja wamba. Mawu akuti "yakale" pa intaneti ndi otsika mtengo, ndipo aliyense amene wapachika nsalu zofiira ndi nyale ya magalasi amawagwiritsa ntchito. Ngakhale Danieli yeniyeniyo ili ndi mbali ina imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1940, moti munthu angalipire dzina la nyumba ya zaka 600 koma n'kugona m'chipinda chocheperapo zaka kuposa agogo ake. Palibe cholakwa kugona m'mbali yatsopanoyo, ndipo kwa wina ndi yomwe ingamuyenere, koma ayenera kudziwa chimene wagula.

Nanga bwanji osangogona kumtunda, kumene mitengo ndi yotsika, n'kumabwera masana? Ambiri amatero, ndipo wa ndalama zochepa sindingamudzudzule, poti ngakhale tikiti imodzi ya boti la anthu onse, limene amalitcha vaporetto, inali mayuro 9.50 kwa mlendo mu 2024. Koma tiyenera kuona chimene khamu la masana limachita. Limafika nthawi imodzi, limayenda njira imodzi kuchokera kusiteshoni kudzera pa Rialto kukafika pa bwalo lalikulu la San Marco, limadzaza timilatho moti nkhalamba yochokera kumsika imasowa podutsa, ndipo limasiya zinyalala zambiri kuposa ndalama. N'chifukwa chake pa 25 Epulo 2024 mzindawu unayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa alendo a tsiku limodzi pa masiku ena otanganidwa, pamene ogona mumzindamo salipira ndalamayi chifukwa amapereka kale msonkho wa usiku uliwonse kudzera kuhotela. Kaya njirayi ikuchepetsadi khamu kapena ayi, anthu akutsutsanabe, ndipo eni mzinda ena amaida chifukwa imachititsa kwawo kuoneka ngati malo a chionetsero olowa ndi tikiti. Koma uthenga wake ndi womveka: mzindawu ukufuna mlendo wokhalitsa kuposa wongodutsa.

Ndipo wokhalitsayo ndi amene amaona Venice. Ichi sindingachitsimikizire ndi chiwerengero, koma ndinachiona ndi maso. Cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndili pazenera la pansanjika yachitatu ija, ndinkaona maboti a katundu akufika ndi mabokosi a masamba, mkaka ndi nsalu zochapidwa, antchito otola zinyalala akukankha tingolo khomo ndi khomo, ndipo kenaka ana akupita kusukulu, ena atagwidwa dzanja powoloka mlatho. Pamsika wa Rialto ogulitsa nsomba anali atayala kale katundu wawo pa ayezi, ndipo ogula anali amayi ndi abambo a m'deralo okoka tizikwama ta matayala awiri. Usiku, khamu litapita, munthu umamva mapazi ako okha ndi madzi akumenya mwala, chifukwa mzinda wopanda galimoto uli ndi bata limene ambiri a ife sitinalimvepo m'tauni. Mabelu amene anakwiyitsa mnzanga uja ndi omwewo amene akhala akudzutsa anthu a m'dera limenelo mibadwo yonse. Makwerero aja nawonso anandiphunzitsa kanthu: pansi penipeni pa nyumba za amalonda panali posungira katundu wolowa pakhomo la kumadzi, banja linkakhala pansanjika ya pamwamba pake ya denga lalitali, ndipo antchito ankagona kumwamba kwenikweni, m'tizipinda ta denga lalifupi ngati kanga kaja. Munthu amene wakwera ndi miyendo yake amamvetsa dongosolo limeneli bwino kuposa wowerenga pa chikwangwani.

Kugona pakati pa mzinda kumatanthauzanso kugawana ndi eni ake mantha awo. Usiku wa pa 12 Novembala 2019 madzi anafika masentimita 187, analowa m'tchalitchi cha San Marco, m'masitolo, m'nyumba ndi m'mahotela, ndipo anthu anachezera kunyamula mipando ndi makina kupita nazo pamwamba. Kuyambira pa 3 Okutobala 2020 zitseko zazikulu 78 za chitsulo zotchedwa MOSE zimadzutsidwa pa makomo atatu a dambolo madzi akafuna kukwera kwambiri, ndipo zathandiza, koma sizidzutsidwa pa kukwera kulikonse, moti malo otsika ngati bwalo la San Marco amalowabe madzi nthawi zina. Mlendo wa m'miyezi ya Okutobala mpaka Disembala angamve kulira kwa masayirini ochenjeza, angaone timatabwa tachitsulo totchinga pazitseko, ndipo angayende pa mabenchi aatali oyalidwa m'njira. Ena amaona zimenezi ngati kuwonongeka kwa tchuthi chawo. Ine ndikuona kuti munthu amene wavala nsapato za mphira limodzi ndi eni mudzi, ngakhale kwa m'mawa umodzi, amabwerera kwawo akudziwa kuti nkhani ya kukwera kwa nyanja si ya m'manyuzipepala okha.

Pali gulu limodzi la anthu limene mfundo yanga siiyenera kulilemetsa, ndilo la okalamba, olumala, ndi makolo a ana aang'ono. Kuuza munthu wa panjinga ya olumala kuti makwerero ndi mbali ya phunziro kungakhale nkhanza. Kwa iwo yankho ndi hotela imene chikepe chinatheka kuikidwa mwalamulo, kapena chipinda chapansi, kapena mbali yatsopano ya hotela yakale, ndiponso malo oyandikira pokwerera boti kuti timilatho tichepe. Udindo wa eni hotela pamenepa ndi kunena zoona asanalandire ndalama: makwerero ndi angati, chikepe chimafika pansanjika iti, ndipo pakati pa boti ndi khomo pali milatho ingati. Hotela imene imabisa zimenezi ndiyo yoyenera kudzudzulidwa, osati imene yakana kugumula khoma.

Kwa ife ochokera kumayiko amene timafunika viza ya Schengen, yolowera ku Italy ndi mayiko ena a ku Ulaya, chisankhochi chimachitika msanga, chifukwa pofunsira vizayo timayenera kusonyeza kumene tikagone, ndipo chiyeso chimakhala chongotola malo otsika mtengo amene aoneka koyamba pa foni. Ndikupempha kuti munthu apatule mphindi zochepa alembere hotelayo, ngakhale m'Chingelezi chosavuta, pakuti ambiri amayankha. Afunse za makwerero ndi milatho, afunse ngati chipinda chake chili m'nyumba yakaleyo kapena m'nyumba ina yapafupi imene hotelayo inagula, chifukwa zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo afunse kuti msonkho wa usiku ndi zingati popeza nthawi zambiri umalipiridwa padera. Adziwenso kuti manambala a nyumba ku Venice amawerengedwa pa dera lonse, osati pa msewu, moti nambala ya m'masauzande siingamuthandize popanda dzina la bwalo kapena tchalitchi chapafupi. Koma funso limene ndimaliona lofunika kuposa onse ndi lakuti nyumbayo inayamba liti kulandira alendo, ndipo isanatero munkakhala ndani. Ngati yankho lili lakuti ndi hotela kuyambira kalekale, kapena kuti inali nyumba yaikulu yosiyidwa imene denga lake linkagwa, ndingalipire ndi mtima umodzi n'kunyamula chikwama changa mpaka pansanjika yachitatu. Ngati yankho lili lakuti munali mabanja mpaka zaka zisanu zapitazo, ndingathokoze n'kukafunsa pakhomo lina.